Tsiku Limene Wotchi ya a Ndendende Inanama

Ku Nyumba ya Malamulo kunali munthu mmodzi yekha amene sanagwidwepo bodza, ndipo musavutike kumufufuza pakati pa aphungu. Anali wosamalira wotchi. Onse ankangowatchula kuti a Ndendende, chifukwa ukawafunsa nthawi sankayankha zoti “cha m’ma teni” ngati enafe. Ankayang’ana padzanja n’kunena kuti, “Teni yadutsa ndi mphindi zitatu,” ndipo ukachedwa kuthokoza ankawonjezera kuti, “Tsopano zinayi.”

Anali bambo wamfupi, wa imvi za m’mbali, woyenda chowerama chifukwa cha zaka zambiri zosuzumira m’mimba mwa mawotchi. Anabwera m’dzikomo zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo kuchokera kutsidya kwa malire, ali ndi akazi awo, sutikesi imodzi, ndi kabokosi ka tizitsulo kamene anawasiyira bambo awo. Anayambira pakhonde la sitolo ina, kagalasi kali padiso. Tsiku lina wotchi yaikulu ya m’Nyumba ya Malamulo inaima. Akatswiri a masatifiketi anaitokosa sabata yathunthu n’kugwira njakata, mpaka mesenjala wina anakumbukira mlendo wa pakhonde uja. Iwo anaidzutsa m’masiku awiri. Kuyambira pamenepo kiyi wa wotchiyo ankakhala m’khosi mwawo, pa kachingwe kakuda.

Wotchi imeneyi muidziwe bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nkhope yake inali pakhoma, pamwamba pa mpando wa a Sipikala, yaikulu ngati tebulo. Koma matumbo ake anali kuseri kwa khomalo, m’kachipinda kamdima kokwera ndi makwerero achitsulo. Mmenemo munkalendewera chitsulo cholemera chimene chinkapita uku ndi uku, thi, tha, thi, tha, ndipo a Ndendende ankachitchula kuti mtima. Pakhomapo panali kabowo kosuzumirapo, moti kwa zaka zonsezo anaona nduna zikukwezedwa ndi kugwetsedwa ndi diso limodzi. M’buku la malamulo a Nyumbayo munalembedwa kuti nthawi ya Nyumba ndi imene ikuonetsa wotchi ya pakhoma, osati ina iliyonse. Mafoni ankasiyidwa pakhomo kuyambira chaka chimene phungu wina anagwidwa akuonera mpira pakati pa zokambirana. Za mawotchi a padzanja a aphungu tisanene zambiri. A Ndendende ankadziwa kuti theka la iwo ndi ongodzionetsera, mkati mulibe moyo.

Kunyumba anali munthu wovuta, tisawabise. Tiyi ankamwa chiimire, chikwama chili kale paphewa. M’mawa uliwonse akazi awo ankanena mawu omwewo:

“Abambo, takhalani pansi mphindi zisanu zokha, timwe tiyi ngati anthu.”

Iwo ankayankha omwewonso: “Mphindi zisanu ndizitenga kuti, mayi? Sindizipanga ine, ndimangozisunga.”

Mayiwo ankapukusa mutu n’kutsuka kapu. Anali atazolowera, koma kuzolowera si kukondwa ayi.

Vuto linayamba ndi pepala. Alendo okhalitsa onse ankakhala m’dzikomo ndi chiphaso chimene lamulo lake linkatha zaka zisanu zilizonse, ndipo aphungu ankangoliwonjezera popanda phokoso, kawirikawiri akuyasamula. Chaka chimenecho a mbali ya boma anafuna msonkho watsopano pa mafuta ndi pa mafoni, ndipo podziwa kuti otsutsa akana, anachita zanzeru zawo zija: anamangirira za msonkho ndi za ziphaso m’bilu imodzi. Ukakana msonkho, wathamangitsa madokotala ndi amisiri. Otsutsa nawo anati ndiye bwino, tikana zonse, alendowo akutidyera ntchito. Abale inu, kwa miyezi inayi anthu akuluakulu anakokana chingwe, mbali iyi ikuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, mbali iyo ikuti mlendo ndi mame, ndipo palibe mmodzi anadzifunsa kuti amene amawaimbira ola lililonse ndi ndani. Lamulo lakale linali loti litha Nyumba ikatseka, Lachisanu, faifi koloko. Likatha opanda voti, aliyense wa chiphaso anali ndi masiku makumi atatu oti alongedze.

Sabata zitatu lisanafike Lachisanulo, ku kashopu kawo kokonzera mawotchi, pansi pa masitepe a Nyumbayo, kunabwera phungu wotsutsa amene ankamutcha a Chigayo, chifukwa akayamba kulankhula sankazima mpaka wina atseke magetsi. Anatulutsa m’thumba wotchi yakale yasiliva, yokulungidwa m’kansalu.

“Inali ya malemu bambo anga,” anatero, ndipo mawu awo anali ofewa, osati a m’Nyumba muja. “Anthu atatu aikanika.”

A Ndendende anaikonda wotchiyo atangoitsegula. Anaigwira masiku anayi, kuchotsa kawilo kalikonse, kutsuka, kudontheza mafuta ndi nsonga ya singano. Pobweza anati, “Bwana, iyi siidzakunamizani. Ikadzasiyana ndi ina, mudzadziwe kuti yanama ndi inayo.”

“Luso limeneli munaliphunzira kuti, madala?”

“Kwa bambo anga, kutsidya kwa malire.”

A Chigayo anaseka, kuwagwira dzanja ndi manja awiri, n’kumapita.

Lachisanu m’mawa mayi sanapemphe mphindi zisanu zija. A Ndendende anapeza sutikesi ija yatsitsidwa pamwamba pa kabati, ili pabedi, mayi akuipukuta ndi kansanza.

“Chimenecho n’chiyani?”

“Fumbi, abambo. Ndikungochotsa fumbi.”

“Bwezerani. Avota lero.”

“Akapanda?” Mayi sanakweze mawu, ndipo n’zimene zinawaopsa. “Kumene tinachokera kwatsala ndani? Mwana wathu ndi adzukulu ndi a kuno, sangatitsate. Nanga uja wagona kumanda kuja, ndimuika mu sutikesi?”

Mwana wawo woyamba anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi ankapita kukazula udzu pamanda ake mwezi uliwonse. A Ndendende anatenga kapu. Anameza tiyi wotentha mpaka kupsa lilime, n’kutuluka.

Masana, m’kantini, anakhala pafupi ndi mnzawo wakale, mkulu wa alonda amene ankanyamula ndodo ya ulemu patsogolo pa a Sipikala. Onse ankamutcha a Ndodo, ndipo makutu ake ankafika paliponse.

“Achimwene, ndikuuzeni zoona,” ananong’ona a Ndodo. “Ikafika pa voti, bilu idutsa ndi mavoti awiri. Otsutsa akudziwa. Ndiye alembetsa olankhula asanu ndi anayi. Aliyense ali ndi mphindi makumi awiri pa kabelu ka kalaliki kaja. Ayamba thu koloko. Werengerani nokha, ndinu a masamu.”

A Ndendende sanachite kuwerengera. “Womaliza atha faifi ndendende.”

“Basi. Wotchi yanu ilira, Nyumba itseka, voti kulibe. Koma olankhula akatha faifi isanakwane, a Sipikala ayenera kuliza belu la voti, ndipo belulo likangolira palibe wobweza.” A Ndodo anayang’ana m’mbale mwawo. “Pepani, achimwene. Ndikudziwa za pepala lanu.”

Kabelu ka kalaliki a Ndendende ankakadziwa bwino, anakakonzapo kawiri. Kankangowerenga mphindi za wolankhula, za maola kanalibe nazo ntchito. Maola anali a wotchi ya pakhoma. Anasiya chakudya chawo chosatha.

Apa ndiye pamene munthu wanzeruyu analakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwa mmisiri wa mawotchi. Moyo wawo wonse, chinthu chikavuta, vuto linali nthawi: kwina yathamanga, kwina yatsalira. Ndiye anaganiza kuti anthu a m’Nyumba muja chimene akusowa ndi nthawi basi. Ukawapatsa, achita zoyenera.

Thu koloko inawapeza ali kale m’kachipinda kaja, diso pa kabowo. Wolankhula woyamba anayamba ndi mtengo wa mafuta, wachiwiri anawerenga kalata za anthu a kudera kwake imodzi imodzi. Pamene wachiwiriyo ananena kuti nduna ya zachuma ili ndi matumba obooka, Nyumba yonse inaphulika, ena kuwomba matebulo, ena kukuwa. A Ndendende anatambasula dzanja. Anagwira mtima wa wotchi uja.

Zii.

Zaka zonsezo anali asanamvepo chete wotere m’kachipindamo. Anawerenga pa wotchi yawo ya padzanja, mphindi imodzi yathunthu, thukuta likutsikira m’khosi pamene panali kiyi. Kenako anakankha chitsulocho pang’ono, chinayambanso. Anasuzumira. Palibe anatukula mutu.

Anachita zimenezo nthawi iliyonse phokoso likabuka, ndipo m’Nyumba imene ija phokoso silinkasowa. Mphindi apa, mphindi ndi theka apo. Anali atakonza zoba mphindi khumi, poganizira kuti a Sipikala amachedwa kupeza magalasi awo, koma mantha anawonjezera zinayi. Nthawi ina kalaliki anayang’ana pakhoma, n’kuyang’ana kabelu kake, n’kukwinya nkhope. Koma kalalikiyo anangogwedeza kabeluko pafupi ndi khutu. Kukayikira wotchi ya a Ndendende sikunamubwerere n’komwe m’mutu, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa kugwidwa.

Womaliza kulankhula anali a Chigayo. Anaimirira, kukonza jekete, kenako anapisa m’thumba n’kutulutsa wotchi yasiliva ija, kuiika patebulo patsogolo pawo. A Ndendende anaizindikira ali patali pomwepo.

A Chigayo anagaya. Anagaya za msonkho, za mayi wogulitsa pamsika amene foni yake idzamudya, za achinyamata a madigiri amene akungokhala pamene ntchito zili ndi obwera. Ankalankhula osayang’ana pakhoma, chifukwa khomalo linali cha kumbali, ndipo iwo ankakonda kuyang’ana kamera. Kabelu ka kalaliki kanalira. A Chigayo anamwetulira, kutseka mapepala, kudikira kuti wotchi yaikulu ilire kasanu.

Siinalire. Muvi wautali unali usanafike, kutatsala mphindi khumi ndi zinayi.

A Sipikala, mayi wamkulu wotopa ndi miyezi inayi ya phokoso, anayang’ana pamndandanda. “Olankhula atha. Nthawi ikadalipo. Motero...” Anayamba kufufuza magalasi.

“Ayi!” A Chigayo anali chiimire, wotchi yasiliva ili m’mwamba. “Mayi Sipikala, pano pali chinyengo! Faifi yakwana!”

A mbali ya boma anakuwa kuti buku likuti ya pakhoma. Otsutsa anakuwa kuti ya pakhomayo yalodzedwa. A Sipikala anamenya tebulo kasanu asanamveke. “Itanani wosamalira wotchi.”

A Ndodo ndi amene anakwera makwerero. Anapeza mnzawo ataima pafupi ndi mtima uja, malaya atanyowa. Sanafunse kanthu. Anangoti, “Tiyeni, achimwene,” mawu ali pansi.

Zaka zonsezo a Ndendende anali asanapondepo kapeti wa m’Nyumbamo aphungu ali mkati. Kapetiyo anali wofewa zedi. Anawaimika pakati, patsogolo pa maikolofoni. Anayang’ana pakhoma mwakabisira. Zinatsala zisanu ndi zitatu.

“Bambo,” anatero a Sipikala, “funso ndi limodzi. Yolondola ndi iti?”

A Chigayo anawalowerera. “Madala, wotchi iyi anaikonza ndani?”

“Ndine, bwana.”

“Munandiuza chiyani?”

“Ndinati siidzakunamizani.”

“Ndiye yanama ndi iti?”

M’Nyumba munali zii, ndipo kuchokera kuseri kwa khoma a Ndendende ankamva mtima uja ukugunda, thi, tha, wopanda wougwira. Anaganiza za sutikesi ili pabedi, ndi za manja a akazi awo akuzula udzu. Anayang’ana wotchi yasiliva, ntchito yabwino kwambiri imene anagwira chaka chimenecho.

“Ya pakhoma ili bwino,” anatero. “Yanuyo ndinailakwitsa. Ikuthamanga.”

Mawuwo anawawa mkamwa ngati mankhwala. A Sipikala anagwedeza mutu, anali atapeza magalasi, ndipo dzanja lawo linayamba kupita ku belu la voti. Linatsala pang’ono, abale, pang’ono zedi.

“Funso limodzi, Mayi Sipikala!” A Chigayo anali atatsinzina diso limodzi, ngati munthu amene wakumbukira pamene anaika chinthu. “Madala, munandiuza kuti luso limeneli munaliphunzira kuti?”

A Ndendende anakweza maso ku muvi wa pakhoma.

“Kutsidya kwa malire! Anandiuza yekha! Chiphaso chanu chikutha liti, madala? Aphungu anzanga, taonani! Ngakhale nthawi ya dziko lino ili m’manja mwa obwera, ndipo boma lawatuma kuti atibere!”

Chimene chinachitika apa chimandipsetsa mtima mpaka lero. A mbali ya boma anali ndi mavoti, anali ndi buku, anali ndi mphindi zisanu ndi chimodzi. Chofunika chinali kukhala pansi, kutseka pakamwa, belu lilire. Koma ayi ndithu! Nduna ya zachuma inadzambatuka kuti mawu oti “kuba” abwezedwe, chifukwa ulemu wake wadetsedwa. Wina anakuwa kuti munthuyu analembedwa ntchito otsutsa ali m’boma, ndiye wakuba ndi wawo. Otsutsa anati bweretsani fayilo. Phungu wina wachinyamata anakwera pampando. A Sipikala anachotsa dzanja ku belu n’kutenga kanyundo kawo, ndipo malinga ndi buku lomwelo, sakanaitanitsa voti dandaulo la nduna lisanaweruzidwe.

A Ndendende anaima pakati pa zonsezo, zala zikuwaloza kuchokera mbali zonse, koma iwo maso anali pa muvi. Zinayi. Zitatu. Mphindi zimene anazitola imodzi imodzi ndi thukuta zinkathera pa dzina lawo lomwe.

“Mabwana!” anakuwa. “Chonde, zatsala ziwiri! Lizani belu, ine mundimange pambuyo!”

Maikolofoni anali atazimitsidwa. Amene anamva ndi a Ndodo okha, ndipo anayang’ana pansi.

Wotchi inalira. Kasanu, momveka bwino, monga ankaisamalira mwini wake. A Sipikala anavula magalasi n’kunena kuti Nyumba yatseka. Aphungu anatuluka akukanganabe, mbali iliyonse ikuthamangira atolankhani kukanena kuti olakwa ndi enawo.

Mkulu wa ogwira ntchito anabwera kudzatenga kiyi. Sanakalipe, ankangopewa maso awo. A Ndendende anapempha chinthu chimodzi, kuti akwereko komaliza. Anakwera, a Ndodo ali pambuyo. Anatsegula kachitseko, kuyang’ana padzanja, n’kukankha muvi wautali mphindi khumi ndi zinayi kutsogolo. Anaonetsa a Ndodo pothira mafuta ndi popukusira Lolemba lililonse. “Kasanu ndi kawiri basi. Mukapitirira mudula chingwe.” Kenako anavula kachingwe kakuda kaja m’khosi.

Pakhonde anakumana ndi a Chigayo, atazunguliridwa ndi anthu awo. Phunguyo anapatuka pang’ono n’kutsitsa mawu, aja ofewa aja.

“Musazitengere kumtima, madala. Nkhani si inu, nkhani ndi msonkho. Tikadzakumananso tidzakonza za mapepala anuwo.”

“Mudzakumana liti, bwana?”

“Pakatha miyezi itatu.”

A Ndendende anangogwedeza mutu. Atayenda masitepe awiri anatembenuka. “Wotchi yanu ija ili bwino. Musaipereke kwa wina kuti aikonze.”

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Wailesi inali patebulo, yozimitsa. Kudzera pachitseko cha kuchipinda anaona sutikesi ili chitsegukire, mkati muli kale zithunzi za ana zokulungidwa m’thaulo. Mayi anali pampando, manja pamiyendo. Anali atamva zonse, mpaka pamene mawu a amuna awo anadukira.

“Mayi,” anayamba a Ndendende, ataima pakhomo chikwama chili paphewa. “Ndinayesa.”

“Ndamva. Dziko lonse lamva.” Anawayang’ana nthawi yaitali, maso ali ofiira. “Zinali zingati?”

“Khumi ndi zinayi.”

“Khumi ndi zinayi.” Mayi anaseka pang’ono, kuseka kopanda chimwemwe. “Zaka makumi atatu ndakhala ndikukupemphani zisanu, abambo. Zisanu zokha. Mumati simuzipanga. Lero mwapanga khumi ndi zinayi, n’kukapatsa anthu amene aja.”

A Ndendende analowa m’nyumba. Dzanja linapita lokha pakhosi pamene pankakhala kiyi, n’kupeza khungu lokha. Anavula chikwama, kuchiika pansi. Anamasula wotchi ya padzanja, kuiika patebulo chafufumimba, n’kukoka mpando.

Mayi anadzuka kukateleka madzi. Anatsitsa makapu awiri, ndipo ena onse anayamba kuwakulunga m’nyuzipepala podikira kuti madzi awire.